Mfundo za pa Udzu

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere tinadzazana m'kalasi ngati matemba m'dengu. Ine zinandikomera, chifukwa ndinkabisala kumbuyo kwa mitu ya anzanga. Chimene ndinkaopa chinali chala cha aphunzitsi a Chingerezi. Chikakuloza, unkaimirira n'kuwerenga mokweza. Koma mawu anga, ngakhale amayi kunyumba ankachita kutchera khutu kuti awamve.

Mnzanga wina wolongolola, wa ku Songani, anandipatsa nzeru.

"Iwe, pobwera uzimanga mfundo pa udzu wa m'mbali mwa njira. Aphunzitsi amakuiwala. Achimwene anga anamaliza nazo Sitandade 8."

Ndinamanga, ndipo tsiku limenelo chala chinandidumpha. Mawa lake ndinawonjezera ina, kuopa kuti yoyambayo ingamasuke ndi mame. Kenako zinandikulira. Ndikamanga kumanzere, kumanja kunkaoneka ngati kwadandaula. Ndikayenda pang'ono, mtima unkati bwerera, ija sinalimbe. Ndinkabwereradi. Udzu ukaduka ndinkaupepesa, n'kuyambiranso. Amayi ena opita kumunda wa mpunga anandipeza nditagwada m'njira, n'kundifunsa ngati ndataya singano.

Mapeto ake ndinayamba kufika belu litalira kale. Lolemba lina ahedi anatiimika ochedwa tonse.

"Tengani zikwakwa. Njira yotsikira kumtsinje ija mutchetche yonse. Kuli wina wake akuluka udzu kumeneko ngati tsitsi la mkwatibwi. Dzulo abusa anatsala pang'ono kugwa."

Ndinatchetcha mfundo zanga ndi manja anga, misozi ili m'maso. Mnzanga uja anaseka mpaka kukhala pansi.

M'mawa mwake njira inali mbee, yopanda pogwira. Ndinayesa kumanga mfundo pa lamba wa yunifomu, koma ndinkadziwa kuti lamba si udzu. Ndinalowa m'kalasi n'kukakhala kumbuyo.

Chala chija chinazungulira, chinazungulira, n'kuima pa ine.

Ndinaimirira. Ndinawerenga ndime yonse osapuma, maso ali m'buku, mawu akunjenjemera ngati a kamwana ka mbuzi. Palibe anaseka. Ndikuganiza kuti akumbuyo sanamve n'komwe.

Aphunzitsi anatsitsa magalasi n'kundiyang'anitsitsa.

"Wawerenga bwino, mwanawe. Koma ndiwe mlendo eti? Wachokera sukulu iti?"

"Ndine wa konkuno, sala. Kuyambira Sitandade 1."

"Ayi, usaname. Nkhope iyi ndikuiona lero." Anagwedeza mutu. "Chabwino, mlendo, pitiriza ndime inayo."