Komando ya a Belarmino

A Belarmino Chagunda anabadwira ku Zóbuè, nakulira ku Mwanza, kutsidya kwa malire, kumene makolo awo anathawira nkhondo. Mtendere utabwera anabwerera kwawo, nagwira khasu monga wina aliyense, nakwatira a Rosália a m'mudzi woyandikana nawo. Malasha atayamba kukokera anthu ku Moatize, iwonso anakwera shapa, kaminibasi konyamula anthu, kupita komweko. Anayamba ndi kutsuka magalimoto a mumgodi, ndipo patapita zaka anapatsidwa chimakina chofukula malasha, chija amachiyendetsa ndi zogwirira ziwiri, china kumanzere china kumanja. Za ntchito yawo sankakonda kukamba. A Rosália ankangoiona madzulo bamboyo akakhala pakhonde, zala zikugwederabe pamawondo ngati makinawo sanazimitsidwe.

Matenda anawagwera m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Anafa ziwalo mbali ya kumanja. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panawongoka, koma dzanja linangokhala chifumbatire. Ntchito inathera pomwepo, banja n'kubwerera ku Zóbuè kukalima mbatata. Kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya tsiku ndi tsiku, n'kuwachenjeza kuti dzanjalo likangokhala miyezi yoyambirirayi, liuma osadzawongokanso. Atafika kunyumba, a Belarmino anakaponyera kampirako padenga la khola la nkhunda.

"Ndakumba phiri ine, amake Isménia. Lero ndizifinya mpira ngati khanda?"

A Rosália ndiwo ankalisambitsa dzanjalo, ndipo ankaona zala zikunka zipindikira m'kati.

Isménia, mwana wawo woyamba, ankagwira ntchito m'kasitolo kokopera mapepala ku Moatize. Loweruka lina anatsika shapa atasenza kompyuta yakale ya patebulo imene abwana ake anaitaya mtima. Anabweretsanso kachipangizo kosewerera kamene achinyamata amati komando: kogwira ndi manja awiri, ka mabatani ndi timitu tokankha ndi chala chachikulu, ndi chingwe cholowetsa pakabowo ka USB. Anaika masewera oyendetsa lole, nakhazika bambo ake pampando.

"Dzanja lamanzere likhotetsa, ababa, lamanja ndilo lipatsa moto."

A Belarmino anayang'ana kachipangizoko nthawi yaitali, kenako anakalandira. Lole inanyamuka bwinobwino, kukhota pokhota, kuima poima. Isménia anali atakhala kumbuyo kwawo, thabwa la mabatani olembera lili pamiyendo. Pobweretsa tiyi, a Rosália anaona chingwe cha komando chikulendewera kuseri kwa tebulo, chosalowa paliponse. Anamuitanira mwanayo panja.

"Chingwe chija chikulendewera bwanji?"

"Tsitsani mawu, amayi. Ndikuyendetsa ndine. Akalephera tsiku loyamba, komandoyo ikapeza kampira padenga."

"Ukunamiza bambo ako."

"Ndikuwanyengerera. Inu simuwabisira mankhwala m'phala?"

Bodzalo silinawasangalatse a Rosália, komabe chiyambire matenda aja anali asanaonepo amuna awo atagwira kanthu ndi manja onse awiri.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, masewera anayambiranso. A Rosália anakhala pakhomo akusenda mbatata, diso lili m'nyumba. Lole ili pakati pa ulendo, anaona a Belarmino akuika komando pamwendo mwakachetechete, n'kuchotsapo manja. Isménia, maso ali pagalasi, sanazindikire. Lole inapitirira, inakhota bwino, n'kuwoloka mlatho.

"Amake Isménia, tabwerani mudzaone," anatero a Belarmino. "Mwana wanu watigulira lole yodziwa njira yokha. Zikanafika kumgodi izi, bwenzi tonse atatichotsa kalekale."

Lole inaima. Isménia anazolika.

"Ndinadziwa dzulo lomwe," bamboyo anapitiriza, osatembenuka. "Makina ukawakhudza amayankha, ngakhale mochedwa. Awa amayankha ndisanawafunse."

"Pepani, ababa. Ndimaopa kuti mukhumudwa."

A Rosália anasiya mpeni, akudikira kumva komando ikumenya khoma. Ankadziwa kuti ikaponyedwa imeneyi, palibenso china chimene bamboyo adzalola kugwira.

"Lowetsa chingwecho," anatero a Belarmino.

Isménia anagwada kuseri kwa tebulo, nafufuza kabowo, nalowetsa. Kompyuta inalira kamodzi. A Belarmino ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, naliyala pa komando, nawongola chala chachikulu mpaka chinakhala pa batani. Lole sinasunthe. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala ya malaya a kutchalitchi. Panja nkhunda zinkalira. Kenako chalacho chinatsika. Lole inadumpha, ndipo poti chala chinakana kubwerera, inathamanga kusiya msewu n'kukadziwombetsa pamtengo wa magetsi.

A Belarmino anapumira m'mwamba.

"Wagunda ndani pamenepa?"

"Ndinu, ababa."

"Ndine," anavomera. "Kumgodi sindinagundepo kanthu, ndadzayambira pabalaza panga. Ibweze pamsewu."

Isménia anabwerera ku Moatize m'mawa mwake, kompyuta n'kutsala. Dzanjalo silinachire lonse. Mabatani a malaya amawamangirabe a Rosália, ndipo kumgodi a Belarmino sanabwerereko. Koma kapu ya tiyi amainyamula okha ndi lamanja, ndipo mbewu ya mbatata amasankha ndi manja awiri. Magetsi akakhalapo masana, amakhala pampando uja, ndipo asanayambe amaweramira kuseri kwa tebulo n'kukoka chingwe pang'ono, kuti amve ngati chagwira.