Manja lero, mapazi Lachinayi

Inu a pa kiliniki ija ya kuno ku Tsakane, ku Joni, tandiyankhani. Kodi munthu amadwala m'zidutswa ngati nkhuku ya m'paketi?

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Edenvale. Mwezi watha m'zikhatho mwanga munatuluka timatuza ta mafinya, toyabwa koopsa. Tikauma khungu limasupuka, kenako tina tatulukanso. Kunsi kwa mapazi chimodzimodzi, moti ndimayenda monyang'ama. Madamu atationa ananyamula mwana wawo amene amakwawa pansi, n'kundiuza kuti ndisalowenso m'nyumba mpaka achipatala alembe kuti sizopatsirana. Apo ayi, apeza munthu wina.

Lolemba ndinalawira. Pa benchi kuyambira sikisi koloko, kulowa kwa anesi dzuwa lili pamutu. Ndinawaonetsa manja. Nditawerama kuti ndivule nsapato, anandiletsa.

"Hayi sisi, valani. Kuno vuto limodzi pa tsiku."

"Koma anesi, ndi matenda amodzi omwewo."

"Manja awiri ndakuwerengerani ngati chimodzi, ndakuchitirani chifundo kale. Sankhani, manja kapena mapazi?"

Kusankha! Ngati ndili ku butchala. Ndinaganiza kuti amandidyetsa ndi manja, ndiye ndinasankha manja.

Chilungamo ndinene, ntchito amaidziwa mayi aja. Anati matendawa sapatsirana ngakhale pang'ono, ndi thupi lomwe likulimbana ndi khungu lake. Anati amabwera n'kumapita, ndipo amadzutsidwa ndi fodya, sopo waukali, bulichi ndi nkhawa. Anandifunsa ngati ndimasuta. Ine wa kwaya ya amayi? Anandifunsanso ngati ndili ndi nkhawa. Ndinati zenizeni zayambira m'chipinda chino. Sanaseke.

Anandipatsa kachubu ka mafuta opaka m'mawa ndi madzulo, n'kundiuza kuti ndizidzola vaselini wambiri komanso kuvala magolovesi pochapa. Ndinafunsa ngati mafutawo ndingapakenso kumapazi.

"Mapazi sindinawaone, sindinganenepo kanthu."

Ndinavula nsapato mwachangu n'kukweza phazi m'mwamba, mayi wamkulu ine, siketi ndagwira ndi dzanja limodzi. Abale, anesi anayang'ana kudenga! Anayang'anabe kudengako mpaka mwendo unatopa, ndekha n'kuutsitsa. Akuti mapazi amaonedwa Lachinayi, pamodzi ndi a matenda a shuga.

Kalata analemba. Kuti manja a Esinati sangapatsire munthu matenda. Manja basi.

M'mawa mwake madamu anaiwerenga pa geti, n'kuyang'ana pansi.

"Nanga mapazi, Esinati? Mwana amakwawa pamene iwe waponda."

Ndinalongosola mpaka malovu kuuma. Iwo akuti amakhulupirira zolembedwa. Ndiye pano manja anga abwerera pa ntchito, mapazi adakali oimitsidwa. Ndimasita pakhonde. Mbale amandipatsira pa windo, ndatsuka pa mpopi wapanja, ndabweza pa windo pomwepo. Galu amalowa m'khitchini ndi mapazi anayi opanda kalata, ine ndikumuonerera. Ndipo poti ntchito yapanja ndi yochepa, andiwonjezera kukwecha mabini ndi bulichi, yemwe uja anesi anandiletsa. Dzulo ndinaona mtsikana wina akuonetsedwa pamene pamakhala tsache. Akuti ndi wongogwirizira. Eish, kuno ku Joni wongogwirizira tonse timamudziwa, nanenso ndinalowa choncho.

Ndakwiya, ndipo ndili ndi mantha. Ana anga awiri ku Balaka amaphunzira ndi ntchito imeneyi.

Tsono a kiliniki, lamulo lanuli analemba ndani? Munthu wogundidwa ndi takisi mumamuuza kuti asankhe mwendo kapena nthiti? Amalawi anzanga, mukamapita kumeneko muzivuliratu nsapato pakhomo, mulowe mapazi ali poyera asanakufunseni kanthu.

Lachinayi ndikubwera. Madamu anena kuti kalata ya mapazi ikapanda kufika Lachisanu, makiyi apereka kwa mtsikana uja. Ndipo musadzayerekeze kundiuza kuti mwa mapazi awiriwa ndisankhepo limodzi.