Chigongono cha Atelala

Anandisankha ine kukonza ulendo wa ku Maka chifukwa ndinali dalaivala. Moyo wanga wonse ndinkanyamula makontena padoko la Durban kupita nawo ku Lusaka, ku Blantyre ngakhalenso ku Lubumbashi, ndiye anzanga a kumzikiti anati munthu wozolowera kukangana ndi a pachipata sangaope ndege. Ndinawauza kuti ndege si thiraki, koma amamva ndani? Tinalipo khumi ndi awiri, tonse a ku Mangochi, tonse a mawondo olira, ndipo tinkafuna kukachita Umra, ulendo waung'ono uja wosadikira nyengo ya Haji.

Mapepala sanandivute, ngakhale anandikalipitsa. Mkulu wina anali ndi masiku obadwa atatu ndipo onse ankawaikira kumbuyo. Wina anakana kuvula chisoti pojambulitsa. Ndinkakhala patebulo m'fulati ya mwana wanga ku Musgrave, mu Durban momwemo, kumene ndimakhala chipumireni pantchito, n'kumasanja mapasipoti uku ndikung'ung'udza ndekha.

Chinandivuta ndi chimene ashehe anatikumbutsa Lachisanu lina: munthu asananyamuke ulendo woterewu amayamba wapita kwa onse amene anawalakwira kukapempha chikhululuko. Ndinayendadi. Mkazi wanga anaseka, nati mlandu wanga ndi wautali kuposa msewu wa ku Beitbridge, koma wandikhululukira pamtengo wapikulitsa. Panatsala khomo limodzi. Mwini wake anali pa nambala seveni pamndandanda wanga wa apaulendo, mayi wamasiye wa ku Isipingo, ndipo pasipoti yawo ndinkangoilumpha.

Amuna awo anali telala. Sitinali pachibale, koma tinakulira mudzi umodzi ndipo tinkatchulana achimwene. Chizulu chinawakana. Ine ndinachitola mumsewu mpaka Azulu eniake ankandifunsa kuti kwathu n'kuti ku Natal kuno, pomwe iwo ankangodziwa yebo ndi mitengo ya nsalu. Ndinkawaseka nazo kwambiri.

Chaka chija cha ziwawa zothamangitsa anthu obwera, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinatsika takisi ku Isipingo n'kupeza chigulu cha anyamata a zibonga chikuimitsa anthu. Sankafunsa chitupa. Ankangoloza chigongono kuti utchule dzina lake m'Chizulu. Atandiloza ndinati indololwane, lilime osapunthwa ngakhale pang'ono, ndipo anandikankha kuti ndizipita. Apo m'pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Achimwene, auzeni kuti mumandidziwa.”

Anali atelala, tepi yoyezera ili m'khosi. Mmodzi mwa anyamatawo ananditembenukira n'kufunsa ngati ndikuwadziwa. Ndinati angimazi, kutanthauza kuti sindikumudziwa. Ndinayenda osacheuka mpaka pamalo okwerera matakisi.

Sanawaphe. Anawathyola mkono wamanja pachigongono pomwepo, ndipo sunawongokenso. Makina anawasiyira akazi awo. Anakhala zaka zina zinayi, tikukumana kumzikiti, akundipatsa moni ndi mkono wopindika uja, osatchulapo za tsikulo. Inenso ndinangoti zii. Pa maliro awo ndinanyamula nawo jeneza. Koma mpaka lero, ndikamasamba pokonzekera pemphero la swala, madzi akafika pachigongono ndimamva mawu aja, ndipo nthawi zina ndimaiwala pamene ndalekezera n'kuyambiranso.

Kutatsala sabata ziwiri, ndinatenga pasipoti ija ngati chonamizira n'kupita ku Isipingo. Ndinawapeza akusoka diresi la sukulu. Ndinafotokoza za katemera, za kulemera kwa chikwama, za nsapato zosavuta kuvula. Ndinafika mpaka pa maambulera.

“Alamu,” anandidula, “zonsezi munanena kale pa foni. Mwadzera chiyani?”

Ndinawauza. Ndinayamba ndi Chizulu osadziwa, kenaka ndinachita manyazi n'kubwerera ku Chichewa. Iwo phazi linali pa makina, koma sanapondenso.

“Ndimadziwa,” anatero. “Anandiuza ali m'chipatala.”

“Zaka zonsezi?”

“Zaka zonsezi. Anati musakamufunse, adzabwera yekha. Anakudikiranitu, alamu. Lachisanu lililonse ankati mwina lero.”

Ndinalira, ine munthu wa imvi, pakati pa zidutswa za nsalu. Ndinapempha kuti andikhululukire.

“Zanga ndakhululuka,” anatero. “Ndinakwiya nanu mpaka kutopa. Koma mkono sunali wanga.”

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi pulasitiki. Munali nsalu ziwiri zoyera zimene mwamuna amavala ku Maka, imodzi m'chiuno, ina pamapewa. Atelala anazigula kalekale, zisanachitike zonsezi. Ndinakumbuka m'mene ankasekera kuti chovala cha ulemu kuposa zonse n'chimene sichifuna telala, poti sichisokedwa paliponse.

“Sanazivalepo. Mukavale ndinu. Musagule zina.”

Ndinafuna kukana, koma anali atayamba kale kuponda makina.

Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko n'kuziyesa, monga ashehe anatiphunzitsira. Zinkanunkha mankhwala a njenjete ndi mafuta a makina. Pozungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Maka, nsalu yam'mwamba imadutsa kunsi kwa khwapa lamanja, phewa ndi mkono wonse n'kukhala pamtunda. Ndinaikulunga choncho n'kuima pagalasi. Mkono wanga unali pamenepo, wathunthu, wowongoka bwinobwino.

Mawa lake ndinamaliza mndandanda wa mipando ya m'ndege. Mayi aja ndinawaika pawindo, pafupi ndi mkazi wanga. Mwana wanga atauwerenga anati ndalakwitsa, mayina alipo khumi ndi atatu. Ndinautenga kuti ndione. Pansi pa dzina langa ndinali nditalemba la atelala, ndi dzanja langa lomwe, ndipo sindikumbuka kuti ndinalilemba liti. Mwanayo anandipatsa cholembera kuti ndifufute. Ndinamuuza kuti akalembe mndandanda wina wopita ku ofesi ya ndege, uwu ndisunga ine.