Kompyuta ya ba Langford ili na malo

Ati simuwadziwa ba Langford Sakala? Mukhala Kabwe iti imwe? Ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Ngungu angakulozereni nyumba yawo, ija ili na njerwa zotuluka ngati mano kumakoma onse anayi. Mano ajawo anawasiya dala pomanga, ati polumikizira chipinda china. Zaka makumi awiri zapita, mano akali kuseka anthu odutsa pamsewu.

Munthu uyu sagula chinthu cha lero. Mwana wake Tiza anayamba giredi wani na nsapato zimene zinamukwana pa tsiku la ukwati wake.

Koma cholembera amachidziwa. Zaka zonsezi ndiye anali mlembi wa mpingo wathu wa Reformed, ndipo udindo umenewu ankaukonda kuposa nshima. Ndiye akulu a mpingo anati: manje lipoti la chaka tifuna lotayipa, Sabata ya chisankho likhale pa tebulo, apo ayi ulembi upita kwa Dorcas, mphunzitsi uja wa ku Nakoli.

Lolemba m'mawa ba Langford anavala jekete, ulendo ku tauni, kushopu ya Kalaba wogulitsa makompyuta. Kalaba anawaonetsa kakompyuta kakang'ono, koyaka kale, kongofuna zala.

"Aka mutayipa lero lomwe, mudala."

Ba Langford anakazungulira kawiri ngati aona puloti. "Nanga poonjezera pali kuti?"

Kalaba anatulutsa chibokosi chakuda, chofika m'chiuno, natsegula chitseko cha m'mbali. Anawaonetsa timipata tinayi toikamo ramu, ati ndiye imapatsa makina liwiro. Anawaonetsanso mashelufu a madisiki osungira zolemba. "Muika ramu imodzi lero, zitatu muzaika mtsogolo. Chaka chamawa kubwera zothamanga kupambana izi."

Apa ndiye Kalaba anadzilasa yekha.

"Zabwino zibwera chaka chamawa? Ndiye ufuna niwononge mpata na ya chaka chino? Chotsa."

"Mudala, popanda ramu siyaka."

"Mwana iwe, nyumba niidziwa. Ukathamangira kudzaza, uzagwetsa khoma."

Disiki anaikananso, ati zazikulu zili m'njira. Sikirini nayo anati idikire. Anatenga chibokosi, bolodi la m'kati na malo. Mu minibasi chinakhala pampando wakutsogolo, iwo kumbuyo.

Kunyumba mkazi wawo ba Lyness anasuzumiramo, nabweza mutu. "Atate a Tiza, mwagula kompyuta kapena mwagula mphepo?"

"Nagula tsogolo, amake Tiza."

"Tsogolo limeneli litayipa lipoti pofika Sabata?"

Ba Langford anangonyamula chibokosi chawo. Anachiika pakhonde, chitseko cha m'mbali chosatseka, kuti odutsa aziona kukula kwa malo. Masabata awiri amene anatsala kuti chisankho chifike ankakhala pambali pake na tepi, kupima. Lipoti analemba na cholembera monga kale, ati akulu akaona kumene mpingo ukupita, za kutayipa aziiwala.

Sabata ya chisankho anatseka chitseko chija osayang'anamo, nachikweza pa wilibala mpaka ku tchalitchi. Mapemphero atatha anachiimika patsogolo pa akulu.

"Abale, Dorcas ali na foni, yodzaza kale. Ine nili na malo. Onani!"

Anatsegula. Nkhuku ya ba Lyness, ija yamawangamawanga, inatuluka na mkwiyo wonse, niulukira pa tebulo la akulu, nigwetsa magalasi a mkulu Anderson, wapampando. M'kati, pansi pa mashelufu a madisiki, munali mazira asanu na awiri.

Ba Anderson anatola magalasi, napukuta, naloza nkhuku, nafunsa mofatsa, "Ba Sakala, lipoti atayipa ndani, imwe kapena mayi awa?"

Azimayi a Chigwirizano anaseka mpaka maduku kumasuka. Dorcas anaimirira, napereka mapepala atatu amene anatayipa pa kafoni kake kong'aluka galasi. Manja anakwera. Ngakhale la ba Lyness linakwera, mwamuna wawo akuona.

Manje mlembi ni Dorcas. Ba Langford amakhala benchi lachitatu, cholembera chili m'thumba la jekete. Chibokosi chinabwerera pakhonde, sichinayakepo olo kamodzi. Mazira aja anaswa asanu, nkhuku yayambanso kuikira momwemo, ndipo timipata tinayi twa ramu tikali tosagwira.