Nsapato za Mayi Mwamva

Kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi kashopu ka mafoni, pali chitseko chobiriwira chomwe sichitseguka mpaka utachikankha ndi bondo. Mmenemo ndi mwa Mayi Mwamva, amene ajambula zithunzi za maukwati kwa zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni lilipo, koma limangogwira ntchito kuchipatala. La Mwamvali linabwera chifukwa cha kajambulidwe kawo.

Iwo sauza munthu kuti amwetulire. Amati munthu ukamuuza zimenezo amangokuonetsa mano ngati akufuna umuzule limodzi. Amaimika mkwati ndi mkwatibwi pamthunzi, kamera ili lendee pamimba, n'kuyamba kufunafuna m'chikwama ngati ataya kiyi. Kenako amatsitsa mawu: "Mwamva za aphunzitsi aja anakanirira pawindo la eni ake?" Aphunzitsiwo kulibe, windolo kulibe, koma mapewa a mkwati amatsika, mkwatibwi amacheukira mwamuna wake kuti aone ngati akuwadziwa, ndipo kamera imakhala italira kale katatu.

Chinsinsi china chimakhala m'chikwama momwemo: patapata. Mayi Mwamva amati nkhope ya mkwatibwi imayambira kuphazi. Nsapato za ukwati zimagulidwa ndi maso, ndipo pofika nthawi ya zithunzi zimakhala zitaluma kachala kakang'ono kwa maola anayi. Poti diresi lalitali limabisa zonse, iwo amamuvula mkwatibwi nsapatozo n'kumuveka patapata, nkhope n'kumasuka yokha.

Ndiye tangoganizani mmene mtima wawo unaphulikira pamene mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, yemwe ndi namwino, anadzawauza kuti pa ukwati wake wapeza wojambula wina.

"Wina? Ine ndafa liti?"

"Amayi, ndikufuna tsiku limenelo mukhale pampando ngati mayi wa mkwatibwi. Muvale chipewa. Mudye chakudya chikadali chotentha."

"Ndani ameneyo?"

"Uja wa pa siteji ya basi."

"Chindevu! Uja amajambula anthu ngati akukatenga chiphaso?"

Mwanayo sanasunthike. Kamera itsale kunyumba, chikwama chitsale kunyumba, ndipo amayi ake alonjeze kuti sadzalowerera. Analonjeza ndithu, koma telala akuti sabata yonseyo ankangomva madirowa akumenyetsedwa kuseri kwa khoma.

Tsiku litafika, zithunzi zinali pa kapinga wa kuseri kwa holo, dzuwa lili paliwombo. Mayi Mwamva anawakhazika pampando wapulasitiki, chipewa pamutu, pambali pawo pali mkulu wawo amene anapatsidwa ntchito imodzi yokha, yowagwira. Chindevu anatulukira ndi makamera awiri pachifuwa ngati akupita kunkhondo. Mtengo wamthunzi unali pomwepo, koma iye anaimika ana a eni ake padzuwa penipeni.

"Mkwati, dzanja m'chiuno mwa madamu! Madamu, chibwano m'mwamba! Osagwedera! Onetsani mano!"

Mayi Mwamva anatsinzina, n'kutsegulanso maso, zinthu zili chimodzimodzi. Mkamwini wawo, munthu woseka bwino ameneyo, anali atauma gwa ngati mzati wa magetsi, thukuta likutsikira m'kolala.

"Akulu, taonani dzanja la mkamwini. Wagwira mkazi wake kapena wagwira wakuba?"

"Unalonjeza," anatero mkulu wawo, akukoka shawelo yawo.

"Nanga dzuwalo? Ana atsinzinatu ngati akusuzumira m'botolo."

"Khala pansi iwe. Apongozi ako akukuona."

Anakhala, akupumira m'mwamba. Ana a anthu osawadziwa n'komwe ali m'mafelemu m'nyumba zambirimbiri, akuseka ngati dziko ndi lawo, chifukwa cha iwo. Wawo yekha, wobereka okha, ndiye akapachikidwe pakhoma zaka makumi anayi ndi nkhope ya munthu wodikira jekeseni? Adzukulu adzafunse kuti kodi amayi anawakakamiza?

Kenako anaona chimene ankachiopa. Mwana wawo anali atatsamira mwendo wakumanzere, phazi lakumanja akungoligunditsa pansi, mlomo wam'munsi atauluma. Chindevu sanaone kanthu, anali kalikiliki kusintha galasi la kamera.

Mkulu wawo anangozindikira kuti watsala ndi shawelo m'manja.

"Vula," anatero Mayi Mwamva atafika pa mwana wawo.

"Amayi, paja munati..."

"Ndinanena ndisanaone zimenezi. Phazi lako likulira, ndalimva ndili uko. Vula."

Patapata panalibe, poti chikwama chinali kunyumba. Choncho mayi wa mkwatibwi, mu diresi latsopano ndi chipewa cha nthenga, anagwada pa kapinga pamaso pa akuchimuna onse, navula nsapato zawo zafulati, natukula mpendero wa diresi loyera lija. Kuchidendene kunali thuza ngati ndalama yachitsulo. Atamuveka nsapato zawozo, mkwatibwi anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika.

"Mayi, mukundisokonezera ntchito," anatero Chindevu.

"Ntchito yake iti, bambo? Yowotcha ana? Tiyeni pamthunzi apo. Inu muzingodina, pakamwa mutseke."

Anakankhira awiriwo pansi pa mtengo, natenga nsapato zazitali zija n'kuzipereka kwa mkamwini. "Tagwirani izi, manja anu apeze chochita." Mkamwini anazilandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kuima nazo osadziwa kozipititsa, ngati wapatsidwa khanda la eni. Mkazi wake atamuyang'ana anayamba kugwedezeka mapewa. Mayi Mwamva anawerama ngati akukonza velo.

"Mwamva kuti ndevu zimenezi amazipaka polishi ya nsapato? Mvula ikagwa salowa m'tauni."

Mkamwini anaphulika nako kuseka, mkwatibwi anagwera paphewa pake akupukuta misozi. Chindevu anamva zonse, makutu ake anachita kuoneka kuti amva, koma tisamunamizire: chala chake sichinachoke pa batani.

Chipongwe chenicheni chinabwera pa chithunzi cha banja lonse. Mayi Mwamva anaima pamzere wakutsogolo ndi masokosi okha, chala chachikulu chitasuzumira pachibowo, amake a mkwati akuchiyang'ana ndi diso la m'mbali. Chindevu anatsitsa kamera.

"Mayi a mkwatibwi, tamasukani pang'ono. Mwauma kwambiri."

Zimene anayankha sitingazilembe pano, poti panali abusa.

Patatha masabata atatu alubamu inabwera. Masamba anayi oyamba ndi a mizati iwiri yovala bwino. Kuyambira tsamba lachisanu, ngakhale mkulu wawo analira. Achibale onse akuti Chindevu ali ndi dzanja, mnyamata ameneyu adzapita patali. Chindevuyo wakulitsa chithunzi cha mkwati atanyamula nsapato n'kuchiika pawindo la shopu yake, ndipo atsikana akumapita kumeneko kukapempha kuti nawonso adzawajambule choncho. Akuti amawapatsa amuna awo nsapato kuti anyamule, akazi ali chiimire ndi zina zowaluma kuphazi.

"Wakuba wopanda nzeru," amatero Mayi Mwamva kwa telala, kwa wa mafoni, ndi kwa aliyense wokankha chitseko chawo. Masiku ano popita kokwera basi amazungulira njira ya kuchigayo kuti asadutse pawindo limenelo.

Koma chithunzicho anachifuna. Anatuma mkulu wawo kuti akaitanitse chachikulu, n'kumulumbiritsa kuti akanene kuti n'chake. Chili kuchipinda kwawo, moyang'anizana ndi bedi, kumene makasitomala safika.