Mtima wa atate nawonso wadula antchito

Lachiwiri lapitali ndinapempha tsiku kuntchito kwanga ku Ndola, n'kukwera basi ya ku Kitwe kukatenga atate ku Garneton. Amayi anali atandiimbira foni kuti mdalayo wagwa m'dimba la tomato, ndipo akuumirira kuti wangopunthwa. Munthu amene anayenda zaka makumi awiri ndi zisanu pansi pa mgodi osapunthwa, lero wapunthwa pa mzere wa tomato!

Kuchipatala tinapeza dokotala wamkazi wachitsikana. Anagwira dzanja la atate, n'kukweza nsidze.

"Ba tata, zinayamba liti izi?"

"Last week chabe, mwana wanga."

Anawamata timawaya pachifuwa, makina n'kulavula pepala. Analiyang'ana, n'kufunsanso funso lomwelo. Atate anayang'ana kudenga ngati kuli yankho.

"Mwina four years. Koma kale zinali kubwera n'kupita. Ten minutes, basi zatha."

Zaka zinayi, abale. Ine mwana wawo woyamba ndikumvera limodzi ndi mlendo. Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa.

Dokotalayo anatijambulira papepala. Akuti zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima wa atate zinasiya kugunda mwadongosolo, zimangonjenjemera. M'timaselo ta mnofu wa mtima muli timageti tolowetsa kashiyamu, mchere womwe uja uli mumkaka ndi m'mafupa, ndipo ndi umene umachititsa mnofu kufinya. Mtima ukamathamanga mosokonekera, kashiyamuyo amachuluka m'maselo. Pofuna kudzipulumutsa, maselo amachepetsa timageti tija. Koma akatero, selo lililonse limafulumira kukonzekera kugunda kwina, ndiye chisokonezo chija chimapeza pokhala. Chimene chinkabwera mphindi khumi chimayamba kugona konko.

Ndinaseka mwangozi. Kutseka mageti ndi kuchepetsa antchito kuti kampani ipulumuke, kenako n'kudabwa kuti palibe chikuyenda? Mayi dokotala, zimenezo ife a ku Copperbelt sitifunika kujambuliridwa.

Iye sanaseke. Anati atate akanabwera chaka choyamba, mwayi wobwezera mtimawo m'malo mwake ukanakhala waukulu. Tsopano angayese, koma salonjeza kuti ukhazikika. Chimene akuopa kwambiri n'chakuti magazi angaundane m'zipinda zonjenjemerazo, kachibuluma n'kuthawira kumutu, munthu n'kufa ziwalo. Anawalembera mankhwala oti azimwa tsiku ndi tsiku, ndi masiku obwera kudzapimitsa magazi.

Mwina mukuti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna." Ayi, sungani mwambi wanu. Atate alibe manyazi. Ndi mkulu wa mpingo amene amaimba mokweza kuposa kwaya yonse, mawu ake osagwirizana ndi a wina aliyense. Chimene chinawatseka pakamwa ndi chidindo.

Amene simunakulire m'komboni ya mgodi, mverani. Wantchito wa pansi amapimidwa ndi dokotala wa kampani nthawi ndi nthawi, ndipo akapezeka bwino amamudindira kuti ndi fiti. Kale chidindocho chinali mwambo chabe. Koma itafika mphekesera yoti migodi ikugulitsidwa ndipo ogula safuna anthu ambiri, aliyense anadziwa kuti mndandanda wa ochotsedwa uyambira pa odwala. Kuyambira pamenepo, Kitwe yense anachira. Chifuwa chinatha, msana unatha, BP inatha. Palibe mlaliki wa machiritso amene anachitapo chozizwitsa chachikulu chotere.

M'basi pobwerera atate anandiululira luso lawo, monyadira ndithu. Tsiku lopimidwa ankafika m'mawa kwambiri, n'kukhala pansi pa mtengo mpaka mtima utadekha. Ukadzuka ndi misala yake, ankatumiza uthenga kwa kapitawo kuti kwagwa maliro, awasinthire tsiku. Azakhali awo a ku Mzimba anawaika m'manda katatu, pamene gogoyo mpaka lero akulima mtedza.

"Nanga zinathandiza chiyani, atate? Si anakuchotsanibe?"

"Anandichotsa ndili fiti," anatero, akuwongola kolala. "Pepala lilipo kunyumba."

Lilipodi. Lili m'fulemu, pambali pa chithunzi cha ukwati.

Tsono ndifunse: dokotala amene ukamuuza zoona ana ako agona ndi njala, ameneyo ndi dokotala kapena wapolisi? Tinatenga chipinda chimodzi chokha chimene mwamuna wa pamgodi ankavuliramo malaya, n'kuchisandutsa khoti. Ndiye lero akuluakulu ovala mataye amabwera pa wailesi kudzatilangiza kuti tizipita msanga kuchipatala. Zikomo kwambiri, mabwana. Sitinaganizepo.

Ndipo si pamgodi pokha. Ku Heavy Industrial Area kumene ndimagwira ntchito, mafakitale otsala ndi owerengeka, ndipo onse ali ndi antchito athanzi lodabwitsa. Dalaivala amene maso ayamba kuchita nkhungu amaloweza zilembo za pakhoma zopimira maso zija. Mayi wa mu ofesi amameza mapiritsi ake m'chimbudzi, chitseko chokhoma. Ine ndemwe ndinalemba pa fomu yopempha tsiku kuti ndikupita kumsonkhano wa makolo kusukulu, kuopa kuti angaganize kuti kwathu kuli matenda a mtima. Ndiye ndikamawakalipira atate, ndizikalipa motsitsa mawu.

Titafika ku Garneton tinapeza mlongo wanga Yotamu akutidikira pakhonde. Ndi bambo wa ana atatu, ndipo amagwira ntchito pansi pa mgodi womwewo, koma kudzera kwa kontilakita amene amamulemba miyezi isanu ndi umodzi, ikatha n'kumupimanso. Ndinamufotokozera zonse, za timageti, za magazi, za zaka zinayi zotayika. Anamvetsera mwachidwi chimene sindinamuonepo nacho.

"Asisi, kunjenjemerako kumamveka bwanji?"

"Afunse eni ake."

"Monga kambalame m'chifuwa," anatero atate.

Yotamu anaika dzanja pa thumba la malaya.

"Awe, ine changa sichichedwa. Five minutes chabe. Chinayamba pa Easter."

Ndinayang'ana atate, munthu amene maola atatu okha apitawo anauzidwa mtengo wa kukhala chete, mapiritsi ali m'thumba. Ndinati lero alankhula ngati kholo.

"Akupima liti?" atate anamufunsa Yotamu.

"Pa fifteen."

"Usauze munthu. Ngakhale mkazi wako. Upite kaye ukadinditse."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Mwana wamng'ono wa Yotamu anatulukira ali ndi yunifolomu ya sukulu, n'kukwera pamwendo pa bambo ake. Ndikudziwa zimene dokotala ananena, ndipo ndikudziwa zimene kontilakita adzachite akamva. Mpaka pano sindinamuimbire mlongo wanga. Inu odziwa kulangiza, ndimuuze kuti asunge chiti, mtima kapena ntchito?