Tsiku Limene Ndinathawa Amayi M'firiji ya Nyama

Mchemwali wanga, amene amagwira ntchito m'sitima yapamadzi, anawapezera amayi malo pa ulendo wokaona mapiri a madzi oundana kumapeto kwa dziko. Ine monga mwana wamwamuna ndinadzipatsa udindo wowakonzekeretsa. Tinagula chijekete pa kaunjika ku Limbe, kenako ndinapempha mnzanga wogulitsa nyama ku Ginnery Corner kuti tikachiyesere m'chipinda chake choziziritsira nyama.

"Musaope amayi, ndili nanu," ndinatero pakhomo, nditatukumula chifuwa.

Titangolowa, makutu anga anauma gwa, mano n'kuyamba kugundana. Ndinasolola foni, yomwe sinalire n'komwe, n'kukuwa kuti, "Halo bwana!" uku ndikutulukira panja. Amayi ndinawasiya okha pakati pa miyendo ya ng'ombe yolendewera. Ine ndinkawothera dzuwa, ndikugwedezera mutu bwana wopeka. Manyazi ake amandigwirabe.

Patapita kanthawi amayi anatuluka akumwetulira, chitenje atamanga pamwamba pa jekete.

"Yafunda bwino," anatero. Za foni sanafunse. Anangondigwira makutu ndi manja awo otentha. "Mwayi wake sukupita nawo, mwananga. Ndikanachita kukubereka kumbuyo ulendo wonse."